Wodwazika Anatsala Pakati pa Phiri

Kwathu munthu akadwala, obwera kudzamuona safunsa iye. Amafunsa amene akumudwazika. Amalowa mwakachetechete, amakhala m'mphepete mwa mpando, amamuyang'ana wodwalayo pang'ono, kenaka amatembenukira kwa iwe n'kufunsa kuti, "Agona bwanji?" Iwe ndiye umafotokoza zonse, kuti phala amwako, kuti tulo sanapeze bwino, kuti mankhwala sakudumphitsa. Wodwala amangokhala phee, maso pansi, ngati nkhani si yake. Ndinakula ndikuona mayi anga akuyankhira bambo anga motero m'kanyumba kathu ku Kabwata, ndipo sindinaonepo choipa. Umenewo ndi ulemu, munthu wodwala sitimutopetsa ndi mafunso.

Choncho sitiroko itawagwira amuna anga, sindinachite kuphunzitsidwa. Inawapeza m'mawa wina wa nyengo yozizira, ali patebulo kunyumba kwathu ku Woodlands. Kapu inagwa, tiyi n'kutayika, ndipo nditacheuka ndinaona mlomo wawo utapindikira kumbali. Za kuchipatala sindikufuna kuzilemba. Tinabwerako patapita milungu ingapo, iwo atatsamira paphewa langa, ndipo kuyambira pageti pomwepo ine ndinasanduka pakamwa pawo.

Amuna anga ndi a ku Luapula. Anabwera ku Lusaka ali mnyamata, ndipo ntchito yawo mpaka kupuma inali yokwera mapolo a magetsi. Ndinawaona koyamba ali m'mwamba, lamba ali m'chiuno, akukonza mawaya pafupi ndi msika wa Kabwata, ine ndikudikira minibasi ya ku Cairo Road kumene ndinkataipa makalata muofesi ina. Munthu ameneyu chizungulire sankachidziwa. Ndiye atachira, mlomo utawongoka, mawu atabwerera, kutangotsala mwendo wamanzere umene unkakwakwaza pang'ono, anayamba kuliyang'ana babu lakupsa la pakhonde ndi maso a njala. Makwerero ndinakawabwereketsa kwa aneba, n'kuwanong'oneza kuti asafulumire kubweza. Mchere ndinauchotsa patebulo. Makiyi a galimoto ankagona m'chikwama changa.

Chaka chinatha, china n'kuyamba, koma alendo sanasinthe kafunsidwe. Abale awo akabwera kuchokera ku Chelstone ankandipatsa ine moni wa odwala m'chilankhulo cha kwawo, kufunsa kuti bambo ali bwanji, "Ba mayo, bali shani ba tata?" pamene mwini wake ali pomwepo akuthirira repu ndi paipi. Ine n'kuyankha. Kukiliniki nakonso adokotala akafunsa ngati mutu ukuwawa, yankho linkatuluka kwa ine iwo asanameze malovu. Ndinkadziwa kuti amuna amabisa. Adokotala atanena kuti aziyenda tsiku lililonse, tinkayenda limodzi m'mawa m'mbali mwa mipanda ya Woodlands mpaka kumashopu, ine nditawagwira pachigongono. Iwo sankadandaula. Anangokhala munthu wa mawu ochepa, ndipo ine ndinkati ndi matendawo.

Mwana wathu wamkazi ndi amene anayamba kundilasa. Tsiku lina tikutsuka mbale anati, "Ba mami, ba dadi banapola kudala, banachila kalekale. Ndimwe chabe simunapole."

Ndinamuuza kuti akadzatola mwamuna wake pansi pa tebulo ndi pamene adzandiphunzitse. Koma mwana ameneyu anatengera ine, sagonja. Patapita miyezi anagwirizana ndi alongo ake n'kutikonzera ulendo wa ku chisumbu cha Mauritius, ati tikakumbukire tsiku la ukwati wathu, tikapumeko. Ine ndinavomera chifukwa ndinamva kuti kumeneko ntchito ndi kugona pamchenga. Munthu wogona pamchenga sagwa.

Polongedza ndinapeza majombo awo akale a kuntchito ali pansi pa sutikesi, atapakidwa polishi. Ndinawatulutsa. Mawa lake ndinawapezanso momwemo. Ndinaganiza kuti ndi chibwana cha ukalamba n'kuwasiya.

Tonse awiri nyanja yamchere tinali tisanaionepo. Iwo anakulira pafupi ndi madzi kwawo, koma atalawa awa analavula n'kuseka ngati mwana. Masiku oyamba zinthu zinayenda monga ndinafunira. Ankakhala pansi pa ambulera, ine n'kumawasankhira zakudya zopanda mchere, n'kumayankha operekera zakudya akafunsa kuti bwana amwa chiyani. Koma kumapeto kwa gombe kunali phiri, lamwala, loima lokha mphuno ili m'madzi. Lusaka ndi wathyathyathya, phiri lenileni timaliona tikamapita kumudzi. Ndinaona kuti amuna anga mpando wawo ankautembenuzira komweko.

Madzulo ena ndikutuluka kosamba anandiuza za mawa lake ali chiimire pawindo, "Mailo m'mawa tikwela phili lija."

"Tikwela na ndani?"

"Kuli gulu. Kuli na wotsogolela. Nalembetsa pa desiki paja."

"Mwabauza kuti ndimwe odwala?"

"Nabauza vonse, na sitiroko nabauza. Bafunsa ngati dokota amanivomeleza kuyenda. Nakamba ati ee."

"Dokota anakamba kuyenda kumashopu, osati kukwela myala."

"Sanakambe za mashopu. Mashopu munakamba ndimwe."

Ndinakwiya kwambiri. Ndinakwiya chifukwa ananena zoona, komanso chifukwa anapita okha kukalankhula ndi anthu ine kulibe. Ndikanatha kupita kukafufutitsa dzina lawo, ndipo maganizo amenewo anandibwerera. Chinandiletsa ndi manyazi okha, kuti anthu a pahotela aziti mayi uja akulondera mwamuna wake ngati mbuzi ya pachingwe. Ndinati chabwino, tipita, koma akangopuma mokoka tibwerera.

M'mawa kunabwera kabasi kudzatitenga. Tinalipo anthu ochepa, ambiri azungu, ena achikulire kuposa ife, atavala makabudula ndi zipewa. Ine ndinavala kanivasi wa salaula, wa pakaunjika, ndi siketi yaitali, chitenje ndinamanga m'chiuno, ndipo m'chikwama ndinaika madzi, mapiritsi awo, makina oyezera kuthamanga kwa magazi ndi mtedza wokazinga umene ndinachoka nawo ku Lusaka. Wotitsogolera anali mayi wamsinkhu wapakati, wamfupi, wakuda ngati ife, woti ndikanakumana naye ku Kamwala ndikanamulonjera m'Chinyanja. Ankalankhula Chingerezi chopendekera ku Chifalansa, mosafulumira.

Njira inayamba yotakata, yodutsa m'mitengo, yokwera pang'onopang'ono. Mayiyo ankafotokoza za akapolo amene kale ankathawira m'phirimo, koma ine zambiri sindinamve, khutu langa linali pa mpweya wa amuna anga. Iye anali ndi kachitidwe kake. Tikaima kuti tipume, sankafunsa gulu lonse pamodzi. Ankapita kwa munthu mmodzimmodzi, kuima patsogolo pake, kumuyang'ana kumaso n'kumufunsa kuti akumva bwanji. Atafika pa amuna anga ine ndinayankha kuti ali bwino, kungoti mwendo wamanzere ndi wofooka ndipo sachedwa kutopa. Mayiyo anandithokoza mwaulemu, kenaka anatembenukanso kwa iwo n'kubwereza funso lomwelo. Iwo anati ali bwino. Popuma pachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi. Ndinayamba kumuda mayi ameneyu. Ndinkati mumtima, kwanu kuno mulibe mwambo, simudziwa kuti wodwala ali ndi mwini wake?

Zoona zake n'zakuti amene ankapuma mokoka ndinali ine. Thupi ndili nalo, ndipo mawondo anga anandikana kalekale, kungoti panyumba palibe ankawafunsa. Amuna anga ankayenda ndi kamwendo kawo kokwakwaza, osafulumira, osaima, majombo aja akugwira nthaka bwinobwino. Penapake ndinazindikira kuti dzanja langa lili pachigongono pawo koma wokokedwa ndine.

Tinafika pamalo pamene mitengo imathera. Pali kabwalo, miyala yokhalapo ndi mthunzi pang'ono, ndipo nyanja imaoneka yonse pansi. Wotitsogolera anatiuza kuti kuyambira apa njira ndi ya mwala wokhawokha, pena munthu amakwera ndi manja omwe, ndipo amene akufuna atsale pano adikire, palibe chamanyazi. Anayambanso kufunsa mmodzimmodzi. Atayandikira kwa ife ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ife tafika, koma amuna anga anandigwira pamkono.

"Ba mami, pakamwa nili napo."

Sananene mokalipa. Anatembenukira kwa mayiyo n'kumuuza m'Chingerezi kuti iwo apitiriza.

Ndinawalankhula m'Chinyanja, motsitsa, kuti azungu aja asamve kuti tikukangana, n'kuwafunsa ngati akufuna kundipha. "Mufuna kunipaya? Mukagwa uko nizakamba chani ku bana?"

"Muzakamba ati banagwa."

"Nanga ba kwanu? Bazakamba ati ninakupelekani ku phili mwadala."

"Ba kwathu sibali kuno. Imwe nkhalani apa, mwalema. Nimvela mwamene mupemela mokoka."

Ndinayesa kuimirira kuti ndiwasonyeze kuti ndipita nawo, koma bondo lamanja linandibaya mpaka ndinakhalanso pamwala. Ndinamuitana wotitsogolera uja n'kumufotokozera zonse, tsiku limene amuna anga anagwa, mankhwala amene amamwa, mwendo uja. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati adzayenda pambuyo pawo penipeni, ndipo iwo akadzanena kuti basi, ndi basi. Ndinamuuza kuti munthu ameneyu sanganene. Iye anati tiona. Amuna anga anatenga botolo la madzi m'chikwama changa, makina oyezera aja anawasiya, n'kutsatira anzawo. Ndinawayang'ana mpaka malaya awo oyera anabisika kuseri kwa mwala.

Onse anapita. Ndinatsala ndekha.

Kuyambira tsiku la kapu lija, amuna anga anali asanachokepo pamaso panga kupitirira nthawi yosamba, ndipo ngakhale posamba ndinkaima pafupi ndi chitseko kumvetsera madzi. Tsopano ndinalibe chomvetsera. Ndinachita mantha oti sindinawamvepo ngakhale kuchipatala, chifukwa kuchipatala kunali zochita. Apa manja anga analibe ntchito. Ndinapemphera, pemphero linatha. Ndinayamba kuganiza kuti mtembo amaunyamula bwanji kuchoka pachisumbu kufika ku Lusaka, ndani amasaina, ndiyamba kuimbira ndani. Ndinawaona alamu anga atakhala pakhonde ku Woodlands akundiyang'ana, akufunsana kuti mkazi wanzeru angatengere bwanji munthu wa sitiroko kuphiri.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti maliro amenewo sindinavutike kuwakonza. Anali okonzeka kale m'mutu mwanga. Ndinkadziwa pamene tenti idzaime, kuti galimoto tidzaisuntha ipite kwa aneba, kuti azimayi a kutchalitchi adzaphikira kuseri pafupi ndi mpopi, kuti mipando ya pabalaza idzatuluka panja. Ndinkadziwa ngakhale chitenje chimene ndidzavale. Sindikumbuka tsiku limene ndinakhala pansi kukonza zimenezi, koma zonse zinalipo, zoyalidwa bwino. Ndinali ndikukhala ndi maliro a mwamuna wanga m'nyumba, iye ali moyo, akudya nsima yanga yopanda mchere m'ndiwo. Zinandiwawa, ndipo ndinalira pang'ono poti panalibe wondiona.

Kulira kutatha ndinamva njala. Ndinatsegula mtedza uja, umene ndinawanyamulira iwo, n'kuyamba kudya. Ndi pamene ndinaiona nyanja. Masiku onsewo ndinali pagombe koma ndinali ndisanaiyang'ane. Pafupi ndi mtunda madzi anali obiriwira moyera, oti mchenga ukuoneka pansi, kenaka mzere woyera wa thovu, kenaka bii mpaka kumene maso amalekera. Timabwato tinkaoneka ngati tanyerere. Mbalame zoyera za michira yaitali zinkauluka m'munsi mwanga, osati pamwamba. Ndinavula kanivasi uja, ndinatambasula miyendo padzuwa. Mantha sanachoke, anakhala pambali panga, koma mtedza ndinaumaliza.

Dzuwa litakwera ndithu ndinamva mawu. Anayamba kutulukira azungu aja, nkhope zili psuu, akuseka. Ndinawerenga mitu ndi maso, malaya oyera osaoneka. Kenaka anatulukira, omaliza, akutsika chammbali, dzanja limodzi pamwala, wotitsogolera ali pambuyo pawo. Thalauza linali lofiira ndi dothi kumatako. Ndinathamanga osavala nsapato, bondo ndinaliiwala, ndipo ndinapitirira iwo n'kukafika pa mayi uja. "Afika pamwamba? Ayenda bwanji?"

Mayiyo anamwetulira, anapukuta thukuta, n'kupita kukaona anthu ake ena.

Amuna anga anakhala pamwala umene ndinakhalapo ine. Anamwa madzi otsala. Manja awo anali okalikakalika ndipo mwendo uja unkanjenjemera moonekeratu, koma nkhope inali ya munthu amene ndinamuona pa polo ku Kabwata.

"Sininafike," anatero.

"Munagwa?"

"Iyayi. Pali pamalo pena pamene ufunika kuponda na mwendo wa kumanzele, uyo wina uli m'mwamba. Ninayesa. Ninamvela kuti uyu sunganinyamule. Ninankhala pansi."

"Uja mayi ndiye anakuuzani kuti munkhale?"

"Sanakambe kanthu. Ninakamba neka. Ninamuuza ati pitani, muzanipeza pobwela."

Ananena zimenezi monyada, ngati munthu amene wafika pansonga n'kubzalapo mbendera. Ine ndinali wokonzeka kuwatonthoza, mawu ndinali nawo kale, oti musadandaule, mwayesetsa, pa msinkhu wanu ndi matenda anu. Sanafunike.

"So munankhala mweka pa mwala nthawi yonse iyi?"

"Neka. Kunali mphepo." Anayang'ana m'botolo. "Ba mami, ine niziba thupi yanga. Ikakana nimamvela. Nizadwalanso futi, kapena nizafa, siniziba. Koma lelo sinidwala. Musanilile nikali moyo."

Ndinafuna kuwayankha kuti ndani akukulirani, kuti pakanapanda ine bwenzi muli kumanda, kuti mchere ndinauchotsa chifukwa chokukondani. Zonsezo n'zoona, ndipo mpaka lero sindinena kuti ndinalakwa kuwasamala. Munthu amene sanatolepo mnzake pansi asandiweruze. Koma maso anga anali otupa, ndipo iwo anali atawaona kale. Ndinangowauza kuti mtedza wawo ndadya.

Potsika anatsogola iwo. Njira yotsika ndi yoterera kuposa yokwera, timiyala timagubuduka pansi pa phazi. Ndinkayenda pambuyo pawo ndikuliona phazi lamanzere likukwakwaza, likuphonya muzu pang'onong'ono, likutera pamwala wogwedera. Pakamwa panga pankadzaza mawu, ponda apa, gwira apo, dikirani. Ndinawameza onse. Penapake anaterereka ndithu, anagwira nthambi, anaima, n'kupitiriza osacheuka. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi. Pa ntchito zonse zimene ndinagwira powadwazika, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwaphunzitsanso kugwira supuni, palibe inandilemera ngati imeneyo.

Ndikuigwirabe. Masiku ano m'mawa amavala chipewa n'kunena kuti akupita kukaona mnzawo ku Kabwata, pa minibasi, okha. Ndimamva geti ikutsekeka. Ndimadziwa mmene makondakitala amakankhira anthu, ndimadziwa ngalande zosavundikira za m'mbali mwa msewu, ndimadziwa kuti tsiku lina foni ikhoza kulira. Ndimakhala pampando n'kudziuza kuti munthu uja akatopa akhala pansi yekha. Masiku ambiri ndimapirira mpaka abwere. Masiku ena ndimalephera, ndimawaimbira asanafike n'komwe pasiteji, ndipo iwo amaisiya foni ilire.